Moto Umene Anazimitsa Dalenda

Lachinayi, 9 Januwale

Boti la Hechmi analipeza Lolemba. Injini yozima, ukonde theka m'madzi theka m'boti. Botolo lake la bisisa, ufa wake wa kamba wa panyanja, pansi pa mpando, losatsegula. Nsapato imodzi. Mwamuna wanga ayi.

Ndikulemba chifukwa m'nyumba muno mulibe woyankhula naye. Amayi, apongozi anga, amayankhula ndi Mulungu ndi chitseko basi. Takwa ndi mwana.

Wayambitsa zonsezi ndi Dalenda wa nyumba yogundana ndi yathu. Mtima wabwino, koma miyendo imathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Uthenga utangofika kuchokera kudoko, woyamba kulowa anali iye, akulira kale. Pachitofu panali mphika wa mphodza. Pabwalo mbaula ya Amayi, tiyi akuwira. Anatseka gasi, natunga madzi, khwaa pamakala. Monga timachitira pakagwa maliro: nyumba yofedwa siyatsa moto masiku atatu, amaphika ndi anansi, ndipo tsiku lachinayi, munthu ataikidwa, eni nyumba amayatsanso.

Koma ife sitinaike munthu. Mtembo palibe.

Amayi anayang'ana makala akufuka nthunzi. Sanalire. Anangofunsa kuti, "Wamuona ndani atafa?" Madzulo mbale zinayamba kufika, kusikusi wa timibulu ta tirigu, msuzi wa nkhuku, makaroni a tsabola, zovundikira ndi nsalu. Anaima pakhomo n'kumabweza imodziimodzi. "Kuno kulibe maliro. Kadyetseni ana anu."

Lero ndiye tsiku lachinayi lija. M'mawa ndinalowa kukhitchini kuti nditereke madzi. Paipi ya gasi palibe. Machesi palibe. Zonse zili m'bokosi lawo la zovala, kiyi ali pakhosi.

"Moto uja anauzimitsira maliro. Wouyatsa ndiye waika mwana wanga m'manda. Adzayatsa yekha akabwera, monga amachitira akatsika m'boti."

Ndiye tagwira njakata. Za anansi sitingadye, ndi za maliro. Zathu sitingaphike. Lero buledi, azitona, ndi tende, zipatso za kanjedza. Mphodza zija zayamba kuchita thovu mumphika, ndakataya kuseri.

Loweruka, 11 Januwale

Kuzizira. Makoma anyowa. Mphepo ya kunyanja ikulowera pansi pa chitseko ngati ndi kwawo.

Ndinatulutsa ketulo ya magetsi imene anandipatsa mchimwene wanga Lotfi. Ndisanalumikize n'komwe, Amayi ali kumbuyo kwanga. "Umenewo ndi moto womwewo, wangobisala mu waya. Ukuyesa Mulungu saona za mu waya?" Nayo yalowa m'bokosi. Bokosi limenelo tsiku lina lidzameza ine ndemwe.

Malamulo awo ndayamba kuwadziwa. Buledi wogula amaloledwa, poti ndi wa ndalama, si wa chisoni. Zam'chitini zimaloledwa. Dzuwa limaloledwa, "ndi la Mulungu, Dalenda sanalifikire." Babu la magetsi sanalitchule, ndipo ine sindiwapatsa nzeru.

Chodalira chathu chenicheni ndi mtsuko wa bisisa. Amayi anakazinga balere ndi nchana chilimwe chathachi, anathiramo makoko ouma a malalanje ndi tizokometsera tawo timene sauza munthu, n'kukagayitsa, kuti Hechmi azitenga kunyanja nyengo yonse yozizira. Mtsuko wofika m'bondo. Udakali kupitirira theka.

Ufa m'mbale, mafuta a azitona, shuga. Kutakasa ndi chala mpaka ugwirane, usalale, uyambe kuwala. Hechmi amatero, chala chimodzi, kuzungulira mbali imodzi osatembenuza, kenako n'kupatsa Takwa kuti anyambite. Ndachita chimodzimodzi. Takwa akuti, "Ya Ababa imakoma kuposa iyi. Inu mumafulumira." Sakunama. Ndimafulumira.

Ndagona ndi masokosi ake.

Lachiwiri, 14 Januwale

Asiya kufufuza. Watiuza ndi Bechir, mnzake wa Hechmi, ataima pakhomo chipewa chili m'manja, akuyang'ana nsapato zake. Ati mafunde, ati mphepo inatembenuka, ati mwina gombe la kum'mwera. Wasiya ndowa ya tinsomba. Tatiwisi, ndiye Amayi sanakane.

Ndatitumbula, ndachotsa minga, ndayala m'mbale. Mchere, mandimu ambiri, adyo, mafuta pamwamba. Pofika madzulo tinali titayera ngati tapsa. Timadyeka. Takwa wadya ndi buledi osadandaula. Ine ndinaika kamodzi m'kamwa, ndiye ganizo linabwera lokha: nsomba izi zachokera kuti, zakhala zikudya chiyani masiku ano. Ndinathamangira kuseri kukasanza. Sindinauze munthu.

Amayi ali ndi nkhani yawo. Sitima ya Ataliyana inamutola. Kapena ya ku Libya, ndipo ali m'ndende, foni anamulanda. Amatchula mwamuna wina wa kwawo kwa amayi awo, amene anatulukira abale atagawana kale zovala zake. Ndaimva kambirimbiri moti mwamunayo ndayamba kumuda. Masana aliwonse amafunda shawelo n'kupita kudoko kukaona maboti akulowa.

Kunabwera a Shehe. Wawatuma ndi Dalenda, sindikukayika. Anakhala pamphasa n'kuyankhula bwino, mofatsa: zoti moto ukayaka munthu amafa sizili m'chipembedzo, ndi mwambo chabe, ndipo mwambowo ndi wa masiku atatu. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. "A Shehe, buku mumalidziwa, sindikukana. Koma munaberekapo inu?" Anawapatsa tende ndi kapu ya madzi. Bambo wachikulire kumwa madzi ozizira mu Januwale, ndevu zikunjenjemera, akuthokoza. Chaka china ndikanaseka.

Lachisanu, 17 Januwale

Ndapeza njira. Takwa akaweruka kusukulu amadzera kwa Dalenda, amadya kumeneko, amapukuta pakamwa asanalowe kuno. Anapempha ndi Dalenda mwini, padenga lafulati, tikuyanika zovala, khoma lili pakati pathu. Maso psuu. "Najet, m'bale wanga, dzanja ili bola likanathyoka tsiku lija. Ndimati ndikuthandiza." Ndinati, "Wathandizadi. Gasi sitikugulanso." Ananditukwana akulira, ine ndinamubwezera, basi tinagwirizana.

Mwana amabwera masaya ofunda, tsitsi likununkhira anyezi wokazinga. Ndimamukumbatira nthawi yaitali kuposa kale. Si chikondi chokha. Ndimanunkhiza.

Ife awiri, kusikusi wouma woviika m'chambiko kuyambira m'mawa. Amafufuma, amafewa, koma pakati pamatsala kamchenga. Mphesa zouma pamwamba kuti anamizire. Amayi anatola pang'ono n'kukankha mbale. "Amako anakuphunzitsa zimenezi?" Ayi, Amayi. Amayi anga anali ndi moto. Ndinayankha mumtima.

Dzulo nchana yoviika usiku wonse, mchere, mafuta, tsabola wopera. Imalira m'mano ndipo mimba imatupa. Dzana buledi wouma wonyowetsa ndi tomato wopala. Nkhuyu zouma zoviika m'mafuta ndizo zokha zimakhala ngati zikufunditsa m'kati. Ndayamba kulota msuzi. Osati Hechmi, msuzi. Ndimadzuka ndi manyazi.

Ndikusoka ukonde wa Bechir kuti tipeze ya buledi. Zala sizikupinda bwino.

Kuofesi ya boma akuti popanda mtembo ndine mkazi wa munthu. Azimayi panjira amandipatsa moni wa wamasiye. Ndivale zotani tsono? Ndavala juzi la Hechmi.

Lolemba, 20 Januwale

Zaonongeka.

Takwa wabwera akuthamanga, chikwama waponya pakhomo, molunjika kuchimbudzi. Ndinamupeza zala zili kukhosi, akudzisanzitsa. Mwana wamng'ono chonchi, anaziona kuti? Mwana wamkulu wa Dalenda, Sawsen, pakamwa anatengera amake, anamuuza kuti, "Idya msanga agogo ako asadziwe. Akuti wina wa kwanu akadya zapamoto, bambo ako sabweranso." Osati mwa nkhanza. Amangofotokoza.

Anandigwira siketi. "Amama, ndakhala ndikudya. Ababa afa?" Ndinati ayi, ndi bodza, chakudya sichipha munthu ali kutali. Sanandikhulupirire. Ana amadziwa amene ali ndi kiyi m'nyumba. Anapita kwa agogo ake ndi funso lomwelo. Ndinaima pakhomo ndikuwapempha ndi maso. Liwu limodzi lokha, Amayi. Anamusisita mutu, akuyang'ana kukhoma, osatsegula pakamwa.

Zambiri ndawakhululukira mayi amenewa. Ichi sindikudziwa.

Tsopano chilichonse chimene ndamupatsa amayamba wachikhudza ndi chala. Buledi wa m'mawa amamuika pawindo kuti azizire kaye. Lalanje limene linali m'thumba mwanga walibweza, ati lafunda. Kwa Dalenda wakana kupondako, amadutsa mbali ina ya msewu.

Dalenda wamenya Sawsen, tamva kulira kudzera pakhoma. Zithandiza chiyani.

Lachinayi, 23 Januwale

Takwa wakwanitsa zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chatha Hechmi anabwera ndi keke kuchokera ku Sfax, tauni ya kutsidya kwa chilumba chathu, mbali imodzi itaphwanyika m'sitima chifukwa wina anaikhalira. Anati mbali imeneyo ndi yanga, poti ndine ndimakonda zofewa.

Ndapanga ya mabisiketi. Khofi wa ufa m'madzi ozizira safuna kusungunuka, ndinachita kupukusa m'botolo. Batala gwa ngati sopo. Ndinamukulunga m'pepala n'kumupana kukhwapa nthawi yonse imene ndimasesa, mpaka anafewa. Zimenezi Takwa asazimve. Kumenya ndi shuga wosinja mpaka mkono kuwawa. Bisiketi m'khofi, msanga asanasungunuke, kuyala, kupaka, kuyalanso. Amondi woswa ndi mwala pamwamba. Filiji sinafunike, khitchini yonse ndi filiji.

Inatuluka bwino. Mwa zonse zimene ndakonza mwezi uno, iyi yokha ndiyo sinaoneke ngati chilango. Makandulo ayi, n'zodziwikiratu. Takwa anathyola timitengo ta muazitona, natizika pamwamba, nauzira ndi mphamvu zake zonse. Tinaomba m'manja, ine ndi agogo ake, anthu awiri osayang'anana.

Amayi anatafuna nthawi yaitali. "Yakoma, make Takwa." Zaka zonse ndakhala pakhomo pano, kuyamikiridwa kwanga koyamba ndi kwa keke ya kukhwapa.

Kuuzira kuja kunatha ndi chifuwa. Watsokomola mpaka misozi.

Lamlungu, 26 Januwale

Chifuwa chatsikira pansi. Chikumveka ngati akung'amba nsalu. Kusukulu sapita mawa.

Ndakulunga mabotolo a madzi m'mapepala akuda n'kuwagoneka padenga. Dzuwa linangosuzumira n'kupita. Madzi anachoka ukali chabe. Ndinamupukuta nawo thupi. "Ndi dzuwa lokha, Amama? Lumbirani." Ndinalumbira. Uchi ndi mandimu amalandira, pa supuni yozizira. Zina zonse akukana kupatula bisisa, poti ndi ya Ababa.

Lotfi anaimba foni. "Longedza, ukwere sitima ya mawa ubwere kuno. Gogo ameneyo mutu wazungulira, ukufuna uzungulire naye limodzi?" Ndinati ukonde wa Bechir sunathe. Ndinati mwana sangawoloke ndi mphepo iyi. Iye, "Najet, ndiwe mwana iwe? Machesi amagulitsa golosale iliyonse." Ndinadula foni. Amayankhula ngati munthu wokhala pafupi ndi mbaula.

Komabe ndagula. Bokosi limodzi, ndaika m'thumba la epuloni. Dalenda wandipatsira paipi yake yakale padenga, ndaikwirira m'thumba la balere wosakazinga. Mawa, Amayi akapita kudoko.

Lolemba, 27 Januwale

Sindinayatse. Ndikanaphika, Takwa sakanadya. Phindu lake n'chiyani.

Lachitatu, 29 Januwale

Kuchipatala. Thupi moto, milomo yosweka. M'nyumba monse chotentha ndi mwana wanga yekha.

Adokotala, mtsikana wamng'ono kwa ine, anamvetsera kumsana nthawi yaitali. Anamukweza malaya, nthiti zili poyera. Anandiyang'ana. "Mwanayu akudya chiyani? Mankhwala ndikupatsani, koma okha sangathe. Msuzi wotentha, mkaka wofunda, chipinda chofunda. Mayi, kwanu kulibe moto?" Ndinati gasi watha. Anadziwa kuti ndikunama, chilumba chonse chikudziwa nkhani yathu. Anati akapanda kusintha sabata ino, ndi wa ku Sfax, wogonekedwa.

Namwino anabweretsa mkaka m'kapu, nthunzi ikutuluka. Takwa mano gwa, mutu uku ndi uku. Ndinanyengerera. Ndinalonjeza nsapato zofiira zimene amazisirira kusitolo. Ndinamugwira chibwano, mkaka unatayikira pajuzi la bambo ake. Ndinamumenya. Pamaso pa anthu, mwana wodwala, mbama yeniyeni. Sanalire. Anangoti, "Inu mukufuna Ababa afe."

Njira yonse yobwerera ndinamubereka. Sakulemera.

Kunyumba ndinamugoneka, ndinatseka chitseko, ndinapita kwa Amayi. Sindikumbukira zonse. Ndikukumbukira kuti ndinakuwa, "Nyanja yatenga mmodzi, wachiwiri mukufuna mukapereke nokha?" Iwo, "Tseka pakamwa, mwana wa m'tauni iwe. Wamudziwa liti? Ine ndinamunyamula m'mimba muno. Iwe udzakwatiwanso, ine ndidzaberekanso?" Msewu wonse wamva. Amve.

Sitikuyankhulana. Mbale ndimawaikira pansi n'kuchoka.

Loweruka, 1 Febuluwale

Mvula. Denga la kukhitchini likudontha pa chitofu penipeni, ndaikapo beseni. Chapeza ntchito.

Takwa akugona kwambiri. Akadzuka, bisisa pang'ono ya madzi, yoti amwe, mankhwala, kenako tulo. Sakundiyang'ana kumaso chimenyereni. Dzanja langa amalilola pamphumi chifukwa ndi lozizira.

Supuni yayamba kugunda pansi pa mtsuko. Ndaona Amayi akubwezeramo gawo lawo la ufa, akuyesa kuti ndili padenga. Inenso langa ndakhala ndikubwezera. Azimayi awiri osayankhulana, kuzemberana pa mtsuko umodzi. Iwo akudya tende ndi madzi. Mikono yatsala mafupa, zibangili zikufika m'chigongono. Sindikuwamvera chisoni. Ndikunama, ndikuwamvera, ndipo zikundipsetsa mtima.

Masana anapitabe kudoko, mvula yonseyi. Ndinafukula paipi ya Dalenda, ndinamanga. Ndinachotsa beseni. Mphika, madzi, anyezi, kachidutswa ka nkhuku kamene Dalenda wakhala akundisungira. Ndinati ndiphika, ndimugwira mwamphamvu, amwa, adzandida koma adzakhala moyo. Ndinatulutsa kamtengo ka machesi. Panja munthu anadutsa akukoka phazi lamanzere, monga Hechmi amayendera akatopa. Ndinaima. Anali wogulitsa masamba.

Paipiyo ndi yakale, mwina ikutulutsa mpweya. Ndi chifukwa chake. Ndamasula, ndakwiriranso, nkhuku ndabweza padenga. Dalenda analandira osafunsa, koyamba m'moyo wake.

Bokosi la machesi lafewa ndi kugwiragwira.

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Bisisa yatha m'mawa uno. Ndinapendeketsa mtsuko, ndinakokota ndi supuni, kenako ndi chala. Kodzaza chikhatho. Ndinatakasa pang'onopang'ono, mbali imodzi, osafulumira. Takwa anadya ali chigonere, ananyambita mbale, nati, "Agogo, mupange ina."

Amayi anali pamphasa ndi mikanda yawo ya pemphero. "Balere alipo, mwana wanga. Koma amafuna kukazinga."

"Pamoto?"

"Pamoto."

"Ndiye ya Ababa ija inali ya pamoto?"

Ndinaona nkhope ya Takwa ikusintha. Amakumbukira mbale zonse zimene wanyambita. Zala zinayamba ulendo wa kukamwa. Amayi analigwira dzanjalo lisanafike. Sindimadziwa kuti angadzuke msanga chotero.

Anavula kiyi pakhosi. Bokosi linatseguka. Paipi, ketulo, machesi, zonse pansi. Paipi anamanga okha, akupuma movutika, osalola ndithandize. Kenako ananditambasulira machesi. "Yatsa, make Takwa. Wakhala ukuulirira."

Ndinalandira. Chitofu chili apa, mphika uli apa, kamtengo kali m'zala. Palibe wondiletsa. Dzanja silinapite. Ndinaliuza, silinapite. Masiku onsewa ndimati ndi iwo, ndi kiyi wawo, ndi bokosi lawo. Ndawatukwana tsamba ndi tsamba m'buku muno.

"Ndimadziwa," anatero. "Machesi ako ali m'epuloni, amalira ukamayenda. Ukuyesa kudoko ndimachedwera chiyani? Maboti ndimawadziwa onse. Ndimati ndikabwera ndipeze fungo la anyezi, ndikutukwane, ndikutemberere, zithe. Ndimapeza zii. Iwenso ndiwe chitsiru ngati ine."

Anandilanda machesi. Anati ndimubweretse mwana. Ndinamunyamula m'bulangete mpaka pakhomo la khitchini.

"Takwa, yang'ana bwino. Akuyatsa ndani? Si iwe. Si amako. Ndine, amene ndinam'bereka. Zimene unadya sizinamuchite kanthu. Nyanja inamutenga tsiku lomwe lija, iwe usanadye kalikonse. Agogo ako anakunamiza pokhala chete."

Kamtengo koyamba kanathyoka. Kachiwiri kanagwira. Anatchula dzina la Mulungu. Moto unati phuu, waung'ono, wobiriwira m'mphepete, wamba, ngati sunachokepo.

Ndiye analira. Kulira kumene anasunga chiyambire, kochokera m'mimba, atagwira khoma. Takwa naye. Dalenda anamva, anathamanga monga mwa masiku onse, koma ulendo uno anaima pakhomo, manja kumbuyo, osakhudza kanthu. Amayi anamuona. "Lowa, mfiti iwe. Bwera ndi nkhuku ija mumapatsirana padenga. Ukauzenso a Shehe, Lachisanu amupempherere monga amachitira ndi amene sanapezeke."

Takwa analira mpaka mawu kutha. Kenako anamwa msuzi, theka la kapu, m'manja mwa agogo ake, akuuzira okha supuni iliyonse. Sanaukhudze ndi chala. Wagona. Pamphumi thukuta. Asanatseke maso anandigwira mkono wa juzi, ndipo sanausiye.

Amayi ali pakhonde, mbaula yayaka, akukazinga balere. Wochuluka, wa mtsuko wonse. Sindinafunse kuti adya ndani. Fungo ladzaza nyumba. Ndi fungo la zala zake.

Ine sindinalirebe. Ndakhala kukhitchini, pafupi ndi mphika. Mawindo achita nthunzi. Zala zikupinda, cholembera chikuyenda bwino. Manja anga afunda, Hechmi. Sindinawatume, afunda okha, ndipo ine tsamba sindikulionanso, misozi yafika.